Kodi mumadziwa kuti tawuni ina ya paphiri ku Italy inali ndi nsanja 72?

Tawuni ya San Gimignano, imene ili pamwamba pa phiri m'chigawo cha Tuscany, inali ndi nsanja zamiyala zokwana 72 cha m'ma 1300, koma lero zatsala 14 zokha.

Zambiri mwa nsanjazi zinamangidwa ndi mabanja olemera amene ankapikisana poonetsa chuma chimene ankapeza pa malonda a vinyo ndi safironi, chokometsera zakudya chochokera ku timaulusi tofiira ta duwa, popeza msewu wa apaulendo achipembedzo opita ku Roma unkadutsa pomwepo.

Mliri wa mu 1348 utapulula anthu, tawuniyi inasauka mpaka kugonjera mzinda wa Florence mu 1353, ndipo umphawiwo ndiwo unasunga kukongola kwake, chifukwa panalibe ndalama zogumulira nyumba zakale n'kumanga zatsopano.

Mlendo akakwera Torre Grossa, nsanja ya mamita 54, amaona madenga ofiirira pansi pake ndi mizere ya mpesa wa Vernaccia, wopangira vinyo woyera, itayala m'zitunda zonse zozungulira.