Kodi mumadziwa kuti si chilichonse chakufa chimafuna maliro?

Msodzi wa ku Senga Bay ku Salima akati “injini yafa”, musayambe kulira. Wofunika ndi makaniko. Mwezi nawonso umafa, ndipo asodzi a usipa amakondwera nazo, chifukwa mumdima ndimo nyali zawo zimakopa bwino nsombazi. Wanjala amati wafa nayo njala, chikhalirecho akuyenda.

Koma kwa munthu weniweni mawuwa ndi aukali. Chambo chimafa, agogo amamwalira kapena kutisiya.

Azungu amatcha nyanja yamchere ya pakati pa Israel ndi Jordan kuti Dead Sea, kutanthauza Nyanja Yakufa, poti simukhala nsomba. Nyanja ya Malawi nayo ili ndi pake pakufa: kutsika kupitirira mamita pafupifupi 250, madzi alibe mpweya woti nsomba ipume, pomwe kumpoto nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700.