Tiyi wa ku Leeds amadyera foloko

Ndine mwana wa ku Thyolo ine, wokulira pakati pa minda ya tiyi. Pokwera ndege ndinkadziwa kuti Chingerezi chikhoza kukandipunthwitsa pena ndi pena, koma pa mawu oti "tea" pokhapo ndinkadziguguda pachifuwa.

Sabata yoyamba pa ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, agogo ena anandiitana cha m'ma 5 koloko madzulo kuti akufuna "tea" wawo. Ine liwiro kukhitchini: madzi otentha, mkaka, shuga masupuni awiri, n'kukawapatsa ndi manja awiri ngati mwana woleredwa bwino. Agogo anasuzumira m'kapu, n'kundiyang'ana ine, n'kusuzumiranso m'kapu muja. Iwo duu kudikira, inenso njo kudikira zikomo wanga. Mnzanga wapantchito ndiye anandikokera pambali, misozi ili mbwee ndi phwete: agogowo ankafuna soseji, mbatatesi ndi nyemba! Kumpoto kwa England "tea" ndi mgonero, ndipo "dinner" ndi nkhomaliro.

Lero ndifunseni, mutopa ndinu. "Afternoon tea" ndi wa apamwamba, timasangweji topyapyala ndi makeke. Amati anamutchukitsa ndi Anna, Duchess of Bedford, cha m'ma 1840, njala itamuvuta podikira mgonero wochedwa. "High tea", ngakhale dzinalo likumveka lonyada, anali chakudya chokhutitsa cha anthu obwera kuntchito atatopa. Ku Devon ndi ku Cornwall kuli "cream tea", ndipo mpaka pano sanagwirizane ngati pa sikono pamayamba jamu kapena kirimu. Ine ndili mbali ya Cornwall, jamu poyamba, ngakhale palibe anandifunsa. Munthu akati chinthu si "cup of tea" yake, musatsuke makapu, wangoti sichimusangalatsa. Ndipo mwana wanga akanong'ona pafoni kuti ali ndi "tea", ndimatchera khutu, chifukwa imeneyo ndi miseche.

Mwezi watha kunafika msuweni wanga kuchokera kumudzi, ndipo aneba anatiitanira "tea". Iye anati, "Asuweni, tiyambe tadya nsima, tiyi yekha sagoneka munthu."

Ndinamuphikira. Mitanda itatu, ndiwo n'kumuwonjezera. Kenaka tinagogoda kwa aneba, ndipo ndinasankha mpando woyang'anizana naye kuti ndione bwino nkhope yake mbale yodzaza nyama ndi mbatatesi ikutera patsogolo pake.