Masewero a Chikondi Autsa Mtsutso m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu woyenda madzulo m'makomboni a antchito a tiyi ku Thyolo, monga ku Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, adzaona chinthu chimene makolo athu sanachidziwe. Madengu atachoka pa sikelo ndipo ntchito itatha, anthu asanu kapena oposerapo aunjikana pa foni imodzi, naonera sewero la chikondi la mphindi ziwiri kapena zitatu. Sewerolo likatha, mtsutso wake umapitirira kufikira nsima itapsa.

Masewero sali achilendo m'dziko muno. Wailesi ya MBC, imene inayamba m'chaka cha 1964, inatisangalatsa ndi Kapalepale ndiponso Sewero la Sabata Ino. Wailesi ya kanema itatsegulidwa mu 1999 tinaona Tikuferanji, m'mene a Michael Usi, amene anadzakhala Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko mu 2024, ankasewera monga Manganya. Koma masewero amenewo anali ndi mathero, ndipo wolakwa ankakolola zimene anafesa. Atsopanowa amadulidwa dala pamene mkangano wafika povuta, kuti woonera agule bandulo ina ndi kufuna chigawo chotsatira.

Chozizwitsa ndicho kusiyana kwa maganizo a oonera. Alomwe ndi Amang'anja ambiri a boma lino amatsata mwambo wa chikamwini, m'mene mwamuna amakhala kwao kwa mkazi. Chotero amayi achikulire akaona mkazi alikuponyeredwa katundu kunja, amadabwa koposa, pakuti kwao amene amanyamula mphasa ndi mkamwini. Afunsanso kuti ankhoswe ali kuti, popeza m'masewerowa mwamuna ndi mkazi atukwanizana, namenyana, nalekana popanda wamkulu wowakhalira pakati.

Anyamata ambiri angoseka. Koma kwa mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni nasiya kutumiza ndalama, kapena amene anadza kudzatchola tiyi nyengo ya mvula atasiya ana kumudzi, nkhaniyo si yoseketsa ayi. Pa komboni nyumba ili ya kampani, ndipo mwinimbumba ali kutali. Mkazi wothamangitsidwa wa m'sewero aoneka monga iye mwini.

Apa mpamene aphunzitsi ndi antchito a Boma ayenera kusamala. Ana a sukulu amaonera pamodzi ndi akulu, ndipo mwana woona kawirikawiri kuti nsanje ndi mbama ndizo zizindikiro za chikondi angathe kukhulupirira chomwecho. Malamulo a dziko lino anena zina. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 monga msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi msinkhu umenewo.

Kulanda mafoni sikudzathandiza kwenikweni, pakuti mwana adzaonera kwa mnansi. Chofunika ndicho kuti mphunzitsi afunse ophunzira ake zimene anaona dzulo, nawafunsenso kuti mlandu wotere ukadafika kwa ankhoswe, kwa nyakwawa kapena ku bwalo la majisitireti pa boma la Thyolo, ukadaweruzidwa bwanji. Sewero laleka nkhani pakati. Ntchito yoimaliza yatsalira ife. Akulu anati m'mera mpoyamba.