Bourbon wakwera mtengo, nanga tigule botolo liti?

Bourbon ndi wisiki wa ku America, ndipo malamulo ake ndi okhwima. Pa mbewu zofululira, chimanga chisachepere 51 peresenti, ndipo mowawo ukhale m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowaulidwa mkati. Kafungo ka vanila ndi shuga wopserera kamachokera m'thabwamo. Bourbon wambiri amatchezedwa ku Kentucky.

Mtengo wakwera chifukwa omwa achuluka, pomwe mowa wa m'sitolo lero unathiridwa m'migolo zaka zapitazo. Chaka chilichonse wina umauluka ngati nthunzi, choncho wa zaka 15 umatsala wochepa. Koma zoti botolo la bourbon wa Pappy Van Winkle lifike madola masauzande, zimenezo ndi za ogulitsanso ndi kutchuka kwa dzina. Ine ndalama zanga sindingaponye kumeneko.

Pogula ndimafunafuna mawu akuti Bottled-in-Bond. Lamulo la 1897 limati mowa wotere uchokere ku fakitale imodzi, nyengo imodzi, ukhale m'mgolo zaka 4 kapena kuposerapo, ndipo mphamvu yake ikhale 50 peresenti. Evan Williams wa chizindikiro choyera ali m'gululi, ndipo saboola m'thumba.

Polawa, mnzanu akuthirireni m'matambula awiri osakuonetsani mabotolo, chifukwa dzina limanyenga lilime. Nunkhizani kukamwa kuli kotsegula pang'ono, kenako donthezeranimo madzi. Yambani ndi Maker's Mark, wofewa chifukwa cha tirigu, mumuyerekeze ndi Bulleit, amene mbewu ya rye yambiri imamupatsa ukali wonga wa tsabola.