Tsiku lomwe oyimba adatchula dzina loletsedwa ku Wembley

Mwezi wa June ukafika kuno kwathu, nkhani imakhala majuzi, mbatata yootcha ndi kuthamangira m'bulangete kukangoda. Ku Ulaya ndi ku America n'zosiyana. Kumeneko June ndiye chiyambi cha nyengo yotentha, moti ku London dzuwa limalowa 9 koloko ya usiku itadutsa kale. Anthu omwe akhala akudzitsekera m'nyumba miyezi yonse yachisanu amatuluka mwaunyinji, ndipo oyimba amawatsatira kumabwalo. N'chifukwa chake m'mbiri ya nyimbo za rock ndi pop muli masiku ambirimbiri a mu June. Bob Marley adatulutsa chimbale cha Exodus pa 3 June 1977, Prince adatulutsa Purple Rain pa 25 June 1984, ndipo pa 25 June pomwepo mu 2009 Michael Jackson adatsikira kulichete.

Koma pali tsiku limodzi lomwe ife a chigawo chino cha Africa sitingalilumphe. Loweruka pa 11 June 1988, anthu 72,000 adadzaza bwalo la Wembley ku London, kuphwando lokondwerera kubadwa kwa munthu yemwe sakadatha n'komwe kufikapo. A Nelson Mandela, omwe ankayembekezera kukwanitsa zaka 70 pa 18 July, adali m'ndende ya Pollsmoor ku Cape Town.

Lero nkhope ya a Mandela ili pandalama za ku South Africa ndipo dzina lawo lili pamisewu ya m'mayiko ambiri, ndiye n'kovuta kumvetsa momwe zinthu zidalili nthawi imeneyo. Kwawoko, kusindikiza chithunzi chawo kapena mawu awo udali mlandu. Achinyamata ambiri sankadziwa kuti mkuluyu akuoneka bwanji, chifukwa zithunzi zomwe zinkayenda mobisa zidali zakale, za asadalowe m'ndende. Chipani chawo cha ANC chidali choletsedwa, ndipo likulu lake lidali pafupi pompa, ku Lusaka, motsogozedwa ndi a Oliver Tambo. Ku Britain nako, nduna yaikulu Margaret Thatcher idali itanena poyera mu October 1987 kuti ANC ndi gulu la zigawenga. Ndiye tangoganizani, phwando la munthu wotero likuchitikira pakhomo pa mayi Thatcher pomwepo.

Njira idalambulidwa mu June 1967

Nzeru yosonkhanitsa akatswiri pabwalo limodzi, n'kuyimba osalandira kanthu, sidayambe ku Wembley. Kuyambira pa 16 mpaka 18 June 1967, mumzinda wa Monterey ku California mudachitika phwando lomwe ambiri amati ndilo kholo la maphwando akuluakulu a rock. Pafupifupi oyimba onse sadalipidwe, ndalama zapakhomo zidapita kuntchito zachifundo. Jimi Hendrix, yemwe adali atatchuka ku London koma kwawo ku America osadziwika kwenikweni, adamaliza kuyimba, n'kugwada, n'kuthira mafuta pagitala yake, n'kuiyatsa moto. Otis Redding adagwedeza khamu lomwe ambiri adali azungu osazolowera nyimbo za soul, koma chisoni chake n'choti mu December chaka chomwecho adafa pangozi ya ndege ali ndi zaka 26 zokha.

Pakati pa mayina amenewa padali mnyamata woliza lipenga wochokera ku South Africa, Hugh Masekela, yemwe adachoka kwawo mu 1960. Musunge dzinali, tikumana nalonso.

Patangotha sabata, pa 25 June, gulu la The Beatles lidayimba All You Need Is Love papulogalamu ya Our World, yoyamba kuonetsedwa nthawi imodzi m'mayiko ambiri kudzera pa satelayiti. Choncho m'mwezi umodzi wokhawo oyimba adaphunzira zinthu ziwiri: kuti bwalo limodzi litha kunyamula akatswiri ambiri, komanso kuti wailesi ya kanema itha kutengera bwalolo m'nyumba za anthu dziko lonse. Phwando la Live Aid la mu July 1985, losonkhetsa ndalama za njala ya ku Ethiopia, lidaphatikiza ziwirizi. Komatu njala ilibe chipani, aliyense amaimvera chisoni. Nkhani ya mkaidi wandale idali ina.

Kubisa ndale m'keke ya bethide

Yemwe adakonza phwando la ku Wembley adali Tony Hollingsworth, mogwirizana ndi bungwe la Anti-Apartheid Movement la ku Britain, lomwe pulezidenti wake adali a bishopu Trevor Huddleston. Mwa njira, a Huddleston omwewa ndiwo adapezera Masekela lipenga lake loyamba ali mwana wasukulu ku Johannesburg. Wina wofunika adali Jerry Dammers wa gulu la The Special AKA, yemwe nyimbo yake ya mu 1984, Free Nelson Mandela, idali itavinitsa kale achinyamata a ku Britain omwe ambiri adali asadamvepo za dzinali.

Hollingsworth adadziwa kuti akapita kumawailesi a kanema n'kunena kuti uwu ndi msonkhano wandale, amukankhira kuofesi ya nkhani, komwe angamupatse mphindi ziwiri basi. Ndiye adati ili ndi phwando la tsiku lobadwa, n'kukaligulitsa kwa oyang'anira zamsangulutso. Ena omenyera ufulu sadakondwe poyamba. Iwo ankafuna kuti patchulidwe akaidi onse andale komanso zoti mayiko aleke kuchita malonda ndi boma la tsankho. Mapeto ake adagwirizana kuti uthenga ukhale waufupi, woti ngakhale mwana n'kuugwira: a Mandela atulutsidwe, tsankho lithe.

Nzeruyi idagwira. Phwandolo lidatenga maola pafupifupi 11, lidaonetsedwa m'mayiko 67, ndipo akuti anthu omwe adaonera adafika 600 miliyoni. Ku South Africa silidaonetsedwe, izo n'zosachita kufunsa. Ku Malawi nako padalibe poonera chifukwa wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Ku Britain aphungu ena a chipani cha Conservative adakalipira BBC kuti ikupatsa mpata zigawenga, koma BBC sidabwerere m'mbuyo. Ku America ndiye kudachitika zamanyazi: wailesi ya Fox idadula mawu ambiri andale, n'kulipatsa phwandolo dzina lina loti Freedomfest, moti ena adaonera maola angapo osamvetsa bwino kuti anthuwa asonkhanira chiyani. Woyimba Steven Van Zandt adadandaula kwambiri atabwerera kwawo.

Sting ndiye adatsegulira, atalandiridwa ndi Harry Belafonte. Kenaka adabwera George Michael, Eurythmics, UB40, Bee Gees, Al Green, Salt-N-Pepa ndi Whitney Houston. Gulu la Simple Minds lidapeka nyimbo yapadera, Mandela Day. Peter Gabriel adayimba Biko, yokumbukira Steve Biko yemwe adafera m'manja mwa apolisi mu 1977. Dire Straits idayimba chakumapeto, Eric Clapton akuwathandiza pagitala.

Kunena zoona, mayina omwe adakopa mawailesi adali a ku Britain ndi America. Koma mphindi zomwe zidali ndi kulemera kwenikweni ndi zomwe Miriam Makeba adakwera pasiteji limodzi ndi Masekela uja wa ku Monterey, tsopano ali bambo wa zaka 49. Adayimba Soweto Blues, nyimbo yomwe Masekela adapeka polira ana asukulu omwe adaomberedwa ku Soweto pa 16 June 1976. Awiriwa sankayimba za nkhani yongomva. Makeba adalandidwa pasipoti mu 1960, ndipo adalephera kukaika maliro a mayi ake. Onse awiri adali atatha zaka zoposa 27 osaponda kwawo. Padalinso Mahlathini ndi Mahotella Queens, Jonas Gwangwa, Salif Keita wa ku Mali komanso Youssou N'Dour wa ku Senegal.

Mtsikana wa gitala imodzi

Chomwe anthu ambiri amakumbukira za tsikuli sichidali n'komwe papulogalamu. Stevie Wonder adafika ku London mwakachetechete kuti adzadzidzimutse anthu. Zida zake zidaikidwa pasiteji, iye ali m'njira yokwera, kenaka zidadziwika kuti hard disk ya makina ake, momwe mudali zoyimbira zonse zomwe adakonzeratu, yasowa. Wonder adati sangayimbe popanda iyo. Adatembenuka n'kutsika akulira.

Anthu 72,000 ali ndwii kudikira, makamera akuulutsa dziko lonse, pasiteji palibe munthu. Kukonzera gulu lina lalikulu kukadatenga nthawi. Padafunika munthu woti angonyamuka n'kuyamba pompopompo, ndipo adapezeka mmodzi: Tracy Chapman, mtsikana wa zaka 24 wobadwira ku Cleveland, yemwe adali atayimba kale nyimbo zitatu masana omwewo anthu ambiri osamulabadira. Chimbale chake choyamba chidali chitangotuluka mu April. Zaka zochepa m'mbuyomo ankayimba m'misewu ndi m'malo omwera khofi ku Boston, komwe ankaphunzira payunivesite ya Tufts.

Adakwera yekha, atavala zakuda, gitala ili m'manja. Padalibe ng'oma, padalibe ovina. Kanema wake alipo pa YouTube, ndipo ngati bandulo ikulolani, muonereni ndi mahedifoni. Poyamba mumamva phokoso la khamu lomwe latopa kudikira, mawu a mtsikanayo akunjenjemera pang'ono. Akamafika pakati pa Fast Car, bwalo lonse lili zii.

Nyimboyo sikamba za tsankho la ku South Africa. Ikamba za mtsikana yemwe wasiya sukulu kuti asamalire bambo ake achidakwa, akugwira ntchito m'sitolo, akusunga tindalama pang'onopang'ono, n'kumalota kuti chibwenzi chake chokhala ndi galimoto chimutulutsa muumphawi. Aliyense yemwe adasiyirapo sukulu panjira chifukwa cha mavuto apakhomo, kaya ku Ndirande kaya ku Kanyama, safunika womumasulira. Mwina n'chifukwa chake idalowa m'mitima kuposa zolankhula zonse za tsikulo.

Patangotha masabata ochepa chimbale cha Chapman chidafika pa nambala 1 ku Britain, kenaka ku America, ndipo mu 1989 adalandira mphoto zitatu za Grammy. Achinyamata ambiri a lero adaidziwira nyimboyi kwa Luke Combs, woyimba za country yemwe adaibwereza mu 2023. Chaka chomwecho idapatsa Chapman mphoto ya nyimbo yapamwamba ya Country Music Association, kukhala mayi wachikuda woyamba kuilandira, patatha zaka 35 chiitulutsireni. Mu February 2024 awiriwa adaiyimba limodzi pamwambo wa Grammy, Chapman tsitsi litachita imvi.

Nanga Stevie Wonder? Adabweranso usiku womwewo n'kuyimba ndi zida zobwereka.

Tisanamizane kuti magitala ndiwo adatsegula chitseko cha ndende. Boma la tsankho lidafooka chifukwa cha zionetsero za m'makomboni momwe anthu ambiri adataya miyoyo, kunyanyala ntchito, mabanki akunja omwe adaleka kulikongoza ndalama, nkhondo ya ku Angola, komanso kutha kwa mkangano wa pakati pa America ndi Soviet Union. A Mandela eniake adali atayamba kale kukambirana mwachinsinsi ndi nduna ya zachilungamo, Kobie Coetsee. Chomwe Wembley idachita n'chakuti idasintha momwe anthu wamba akunja ankamvera dzinalo. Munthu yemwe Whitney Houston ndi George Michael amuyimbira patsiku lake lobadwa, ana ako akuonera pabalaza, kumutchula chigawenga mawa lake kumavuta.

A Mandela adatuluka m'ndende pa 11 February 1990, patatha miyezi 20 yeniyeni. Pa 16 April chaka chomwecho adaima okha pasiteji ya Wembley paphwando lachiwiri, ndipo anthu adawaombera m'manja kwa mphindi pafupifupi 8 asadayambe kulankhula. Makeba adabwerera kwawo mu June 1990, Masekela naye adatsatira chaka chomwecho.

June wina adabweranso. Pa 27 June 2008, ku Hyde Park mu London momwemo, kudachitika phwando la zaka 90 za a Mandela, ndipo matikiti omwe adakonzedwa adali 46,664, kutengera nambala yawo ya kundende. Ulendo uno mwini phwando adalipo, akuyenda ndi ndodo, mayi Graça Machel atawagwira mkono. Potsekera, Amy Winehouse adatsogolera oyimba onse panyimbo ija ya mu 1984, Jerry Dammers ali pakiyibodi.