Kusiyanitsa Mpasi ndi Tinjuci Tina Tokumba Pansi ku Vubwi

Alimi a m'boma la Vubwi, monganso anzao a ku Katete ndi ku Sinda, amaona timaenje m'minda, m'mbali mwa njira ndi pa culu, momwe tinjuci timalowa ndi kuturuka. Ambiri akaona zotere amati apeza mpasi, natenga khasu kuti afukule uci. Koma si kanjuci kalikonse kokhala pansi kamene kamapanga uci, ndipo wokumba mosazindikira amangoononga tizilombo tothandiza mbewu zake, iye osapeza kanthu.

Pa dziko lonse pali mitundu ya njuci yoposa 20,000, ndipo yambiri siikhala m'magulu. Yaikazi imakumba yokha dzenje lake, nikonza tizipinda, niikamo kampira ka mungu ndi dzira limodzi m'kacipinda kalikonse, kenaka nitseka. Ilibe mfumukazi, ilibe anchito, ndipo siisunga uci. Azungu amacha gulu lina la njuci zotere kuti njuci za m'migodi, dzina limene silingadabwitse anthu a ku Vubwi odziwa za kukumba golide. Zodziwika kwambiri m'gululi ndi za Andrena, zimene zili ndi mitundu yoposa 1,500, koma kwao kwenikweni ndi ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Kum'mwera kwa cipululu ca Sahara ziliko zocepa. Yaikazi imadziwika ndi timikwasa tiwiri ta ubweya wosalala m'mbali mwa maso. Tinjuci tokhala patokha timene timakumba m'minda ya kum'mawa kwa Zambia kawirikawiri ndi ta banja lina, la Halictidae.

Cizindikiro coyamba cosiyanitsira mpasi ndi tinjuci timeneti ndi mwendo wakumbuyo. Mpasi ndi mbale wa njuci ya mumng'oma, ndipo monga iyo ali ndi malo otambalala, osalala ndi olowa pang'ono ngati kalicero pa mwendowo. Mungu amaunyowetsa ndi kuuumba kukhala kambulu kamene kamaoneka bwino akamabwera kumaluwa. Kanjuci kokhala pakokha kalibe kalicero kameneka. Miyendo yake ili ndi ubweya wambiri, ndipo mungu umangokanirira muubweyamo uli wouma, kotero kuti kamaoneka ngati kadutsa mu ufa wacikasu.

Pali kusiyana kwinanso pa mapiko ndi pa mbola. Mapiko a mpasi ali ndi timitsempha tocepa, tina tosaoneka bwino, pamene a Halictidae ali ndi timitsempha tokwanira, ndipo kamtsempha kena ka pakati pa phiko lakutsogolo n'kopindika kwambiri ngati uta. Mbola ya mpasi inafota, siigwira nchito. Akakwiya amaluma ndi kamwa kapena kulowa m'tsitsi. Tinjuci tatikazi tokhala patokha tili nayo mbola, ngakhale kuti sitibaya munthu wamba pokhapokha atatipana. Njuci ya mumng'oma njosavuta kuidziwa: njaikulu, pafupifupi mamilimita 12, ndipo ili ndi ubweya ngakhale pa maso penipeni.

Amene alibe galasi lokuzira zinthu angayang'ane pakhomo. Khomo la mpasi limamatidwa ndi phula losakaniza ndi utomoni, alonda amakhala pamenepo, ndipo njuci zimalowa ndi kuturuka motsatizana. Dzenje la kanjuci kokhala pakokha limazunguliridwa ndi kamulu ka dothi lofukulidwa. Maenje otere angathe kuculuka pamalo amodzi, koma kuyandikana kwake sikutanthauza kuti pansipo pali uci.

Pakati pa tinjuci ta Halictidae palinso kusiyana kumene akatswiri amadalira. Tambiri ta Nomia tili ndi mizere yonyezimira pamimba, yoyera, yacikasu kapena yobiriwira, ndipo tatimuna timakhala ndi miyendo yakumbuyo yotupa. Ta Pseudapis timadziwika ndi timamba tatikulu tophimba pamene phiko limalumikizana ndi thupi. Tambiri ta Lipotriches n'toonda, ndipo tina timatola mungu wa udzu, wa mapira ndi wa ngayaye za cimanga m'mamawa. Kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi kumafuna kuwerenga mfundo za tinyanga: yaimuna ili nazo 13, yaikazi 12, ndipo yaimuna siinyamula mungu.

Dzina lakuti mpasi nalonso limaphimba mitundu ingapo. Plebeina armata, imene mabuku ambiri anailemba kuti Plebeina hildebrandti, imamanga m'kati mwa culu ca ciswe, pamene Meliponula beccarii imamanga m'nthaka. Katswiri wa ku South Africa, Connal Eardley, anafalitsa mu 2004 kafukufuku wosanthulanso njuci zopanda mbola za mu Africa. Zovutitsa kwambiri ndi tongole, tinjuci ta mamilimita 2 kapena 3 timene timasautsa munthu m'maso nyengo yotentha, tomanga m'mphako za mitengo ndi m'ming'alu ya zipupa. Ta Liotrigona tili ndi msana wonyezimira, ta Hypotrigona msana wosawala. Koma mitundu ya Hypotrigona imafanana zedi, mwakuti mu 2018 ofufuza a bungwe la icipe ku Nairobi anacita kuyeza ziwalo ndi kupima DNA kuti aisiyanitse. Palinso Cleptotrigona, kanjuci kopanda mbola kamene kalibe kalicero pamwendo cifukwa sikapita kumaluwa. Kamakhalira kuba cakudya m'nyumba za tongole.

Kudziwa zimenezi kuli ndi phindu kwa mlimi. Maungu sabala popanda tizilombo tonyamula mungu kucokera ku duwa lalimuna kupita ku lalikazi, ndipo mpendadzuwa ndi thonje zimabereka bwino njuci zikamayendera maluwa ake. Nchitoyi siigwiridwa ndi njuci za mumng'oma zokha. Mankhwala opopera thonje amapha tinjuci tonseti, makamaka akapoperedwa maluwa ali otseguka, cotero kupopera madzulo kumacepetsa ngozi.

Pa mpasi weniweni pafunika kusamala kwina. Uci wake, umene uli wamadzimadzi ndi wowawasa pang'ono, amausunga m'timiphika ta phula osati m'zisa. Mfumukazi yake ikayamba kuikira mazira mimba imakula kwambiri ndipo siithanso kuuluka. Njuci za mumng'oma zikasokonezedwa zimasamuka ndi mfumukazi yao, koma mpasi sangatero. Wofukula akatenga uci nasiya ana ndi mfumukazi pamtunda, nyerere ndi dzuwa zimatsiriza gulu lonse.