Legeni, penti ndi diso la mwana ku Chisepo

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya atapita ku okushoni, minda ya ku Chisepo imasanduka bwalo la anyamata. Mbuzi ndi ng'ombe zimadzidyera mapesi, abusa ake n'kupeza mpata wokumba mbewa ndi kulondola njiwa m'mitengo ya m'mbali mwa dambo. Ambiri amakhala ndi legeni m'khosi: kamtengo ka mphanda, mphira zodula ku chubu chakutha, ndi kachikopa koikamo mwala. Mbalame zikasowa, masewera amatembenuka. Gulu ligawikana pawiri, ena kuseri kwa chulu, ena m'mapesi, basi nkhondo yayamba.

Masewera omwewa, obisalirana n'kumawomberana, kunja ali ndi mabwalo ake komanso malamulo olembedwa. Amawatcha paintball. Anayamba mu June 1981 m'nkhalango ya ku Henniker, m'chigawo cha New Hampshire ku America. Anthu 12, kuphatikizapo Charles Gaines, Hayes Noel ndi Bob Gurnsey, anatenga timfuti ta mpweya totchedwa Nel-Spot, tomwe ntchito yake inali kuika chizindikiro cha penti pa ng'ombe ndi pa mitengo yoti idulidwe, n'kuyamba kusakana okhaokha.

Chipolopolo chake ndi kampira kofewa ka mamilimita pafupifupi 17, kolemera magalamu 3 okha, komwe kamaphulika kakagunda munthu n'kumusiyira penti. Mabwalo ambiri salola kuti kathamange kuposa mamita 90 pa sekondi, komabe limenelo ndi liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Pamsana kapena pantchafu kamangosiya potupa. Padiso, kampira kofewa komweko kachititsa khungu anthu.

Diso linakhala m'kati mwa chibowo cha mafupa, chipumi pamwamba, fupa la tsaya pansi, mphuno pambali. Chinthu chachikulu chikamenya nkhope, mafupawa amalandira mphamvu yambiri. Kanthu kochepa kuposa chibowocho kamadutsa osakhudza fupa, mphamvu yake yonse n'kuthera padiso penipeni. Kutsinzina sikuthandiza, chikope ndi chopyapyala.

N'chifukwa chake malamulo a paintball anamangidwa mozungulira diso. Wosewera amavala chigoba cholimba chokuta maso, nkhope ndi makutu, ndipo sachivula m'bwalo ngakhale chitachita nthunzi kapena kudetsedwa ndi penti. Wina akavula, woyimbira amaimitsa masewera onse nthawi yomweyo. Potuluka m'bwalo, kukamwa kwa mfuti kumavekedwa kathumba kuti ikalira mwangozi isavulaze munthu. Liwiro la mfuti iliyonse amaliyeza ndi makina masewera asanayambe. Madokotala a maso m'mayiko omwe masewerawa ndi ofala akhala akuona chinthu chimodzi mobwerezabwereza: ovulala kwambiri ndi omwe analibe chigoba, omwe anachivula kwa kanthawi, ndi achinyamata osewera kuseri kwa nyumba popanda woyang'anira.

Tsono mwala wa m'legeni suphulika. Ndi wolimba, kawirikawiri ndi wolemera kuposa kampira ka penti, ndipo ena amaumba timiyala tadothi n'kutiumitsa padzuwa, ena amatola tizitsulo ta njinga. Chigoba palibe, woyimbira palibe, ndipo tiana tating'ono timaima pafupi kuonerera, maso ali tong'o.

Kuletsa legeni m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi n'kutaya nthawi. Imabweretsa ndiwo, imaingitsa mbalame ndi anyani m'munda, ndipo mphunzitsi akalanda lero, mawa mwana wasema ina. Zigoba za paintball sitingazigule. Koma malamulo ake ambiri safuna ndalama. Legeni isaloze munthu, ngakhale mongoseka. Asaponye mnzake ali kutsogolo, kapenanso molunjika khoma ndi thunthu la mtengo, poti mwala umanjanja n'kubwerera. Mphira yong'aluka itayidwe, chifukwa ikaduka pokoka imakwapula diso la mwini wake. Oyenera kunena zimenezi ndi amalume ndi achimwene omwe amadulira mwanayo mphira. Wopereka legeni apereke ndi mwambo wake tsiku lomwelo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zimene zimachitika mwala utagunda kale. Mwana wovulala amaopa chikwapu, womuvulazayo amaopa mlandu, ndiye onse amagwirizana zobisa. Madzulo anena kuti m'diso mwagwa kachitsotso. Makolo aona diso lafiira chabe, ati tione mawa. Pamenepo n'kuti mwina magazi akhuthukira m'kati, kutsogolo kwa mbali yakuda ya diso. Magazi otere amatha kuoneka ngati akuphwa, kenako n'kutulukanso mwamphamvu m'masiku ochepa oyambirira, diso n'kufufuma m'kati mpaka kuwononga mtsempha woonera. Mtsempha umenewo ukafa sutsitsimukanso. Kwa mwana wa sickle cell, ngakhale wongotengera mbali imodzi ya nthendayi, ngoziyi imakula. Kholo lomwe limalanga mwana poulula kuvulala likumuphunzitsa kubisa ulendo wina.

Kenako pamabwera othandiza. Uyu afinyira madzi a masamba, uyu mkaka wa m'mawere, wina shuga, wina mankhwala a maso otsala a agogo. Onse amachita mwachikondi, koma diso lokalika kapena loboka ndi khomo lotseguka, ndipo chilichonse chothiridwamo chimalowa ndi tizilombo take. M'zaka za m'ma 1990, Paul Courtright ndi Susan Lewallen anafufuza nkhaniyi ku Chikwawa, n'kupeza kuti odwala ambiri a zilonda za m'maso amayamba athira mankhwala achikuda asanafike kuchipatala. Iwo sanalimbane ndi asing'anga, anakhala nawo pansi kuti azitumiza odwala otere mwamsanga. Nzeru imeneyo ikufunikanso kuno.

Choyenera kuchita n'chochepa. Diso lisatikitidwe, lisapanidwe ndi nsalu, ndipo ngati chinthu chazikamo, chisazulidwe. Dulani kunsi kwa botolo lapulasitiki loyera kapena kapu yopepuka, vundikirani disolo kuti chivundikirocho chitsamire pa mafupa osakhudza diso, n'kumanga mopepuka. Mwana akhale mutu uli m'mwamba, asathamange. Mankhwala a ululu akhale panado, osati asipilini kapena bulufeni, poti awiriwa amawonjezera kutuluka kwa magazi. Ndipo ulendo ukhale wa tsiku lomwelo, chifukwa diso loboka limafunika kusokedwa pasanathe tsiku.

Njira ilipo. Chipatala chaching'ono cha Chisepo ndiye poyambira, ndipo chingatumize wodwala ku zipatala zokulirapo za m'bomali monga Mponela, Madisi kapena Dowa. Zofunika opaleshoni zimapita ku Lilongwe, ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Kamuzu Central, ndipo ku Nkhoma nakonso kuli chipatala cha maso chodziwika kuyambira kale. Malemu Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso, yemwe anamwalira mu 2010 atangochoka kumene pa udindo wa nduna ya zaumoyo, anathera zaka zambiri akuphunzitsa madokotala othandiza a maso n'cholinga choti munthu wa kumudzi apeze womuona kufupi. Ndalama ya kabaza imavuta, makamaka fodya akagwa mtengo. Apa m'pamene mabanja awiri, la wovulala ndi la womuvulaza, ayenera kusonkherana za ulendo, mlandu n'kudzakamba kwa amfumu mwana atabwerako.

Ululu ukatha, kholo lipitirize kuyang'ana. Pakapita milungu kapena miyezi, pakati pa diso logundidwa pangayambe kuyera, ndiyo ng'ala yobwera ndi kuvulala. Mwana angadandaule kuti akuona timadontho touluka kapena mdima wotsika mbali imodzi, chizindikiro choti kansalu kolandira kuwala kumbuyo kwa diso kakumatuka. Zonsezi zimatha kuchizika mwana akafika kuchipatala msanga. Kwa mwana wosakwana zaka 8, kuchedwa n'koopsa kwambiri, chifukwa ubongo wake ukadali kuphunzira kuona, ndipo diso lomwe lakhala mumdima nthawi yaitali umalisiya. Phimbani diso labwinolo ndi dzanja, mumufunse awerenge zala zanu ali patali pang'ono. Akalephera, bwererani naye kuchipatala sabata yomweyo.